Nyimbo ya pa Mapilya Otha

Ntengo-Wambalame, 18 de Agosto de 1991

Kwa mwana wanga Filipe, ku Maputo,

Ndine atate ako, Zacarias João. Ndiyamba ndi kutchula ana anga, chifukwa munthu akaferedwa amayang'ana zimene zamutsalira. Manuel, woyamba, ndi mphunzitsi ku vila ya Tsangano, ndipo ena mwa ana amene anawaphunzitsa ali m'maofesi. Felizarda ndi namwino ku Furancungo. Anthu amene wawasoka mabala pa nkhondo ino sangakwane m'tchalitchi chathu. Zefa anakwatiwa bwino, ndipo asanathawire ku Ntcheu ndi ana ake ankakolola mbatatesi yodzaza ngolo zisanu ndi imodzi. Wachinayi ndiwe. Zaka zonsezi anthu akandifunsa kuti Filipe amachita chiyani ku Maputo, ndinkangoti ali pa ntchito, n'kusintha nkhani, pakuti kuimba gitala sindinkakuyesa ntchito. Lero ndauza mpongozi wanga Bertina, mkazi wa Manuel, amene akundilembera kalatayi, kuti alembe mooneka bwino: Filipe analira mayi ake kuposa ife tonse.

Tikupatsa moni ife otsala. Kaya iwe uli bwanji kumeneko.

Kaseti yako inafika Lachitatu itadutsa m'manja ambiri. Envulopu inali yong'ambika ndipo kalata munalibe, koma chithunzi cha pamwamba chinanena zonse. Muli atatu, palibe amene akuseka, ndipo iwe wameta mpala. Nditaona mutu wakowo ndinadziwa kuti kalata yathu ya mu Junho inakupeza, ndipo ngakhale uli kutali unasunga mwambo, unameta maliro a mayi ako. Anzako awiriwonso anameta nawe. Uwathokoze. Si abale athu, koma achita zaubale.

Tinaiika m'wailesi ya Manuel masana, pansi pa mtengo wa pichesi. Ndinayembekeza kuti wina aimba mawu. Palibe anaimba. Poyamba ng'oma, pang'onopang'ono, ngati makasu a adzukulu akafika pa dothi louma. Kenako gitala wamkulu, amene Bertina akuti ndi wako, akubuula pansipansi ngati ng'ombe imene aichotsera mwana. Ndiye lipenga lija. Ukudziwa mmene amayi amayambira kulira akadali patali, asanafike pa nyumba ya siwa, mawu akunjenjemera, akudukaduka. Lipengalo linachita chimodzimodzi. Ine tsiku loika mayi ako sindinalire. Tinawaika mofulumira, maso ali kumsewu, wina atakwera pa chulu kuyang'ana ngati kukubwera anthu amfuti. Misozi yanga inatuluka Lachitatu lapitali, pansi pa pichesi.

Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndinkati ntchito yako ndi ya m'mabala a mowa. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kunena zonsezi osatsegula pakamwa.

Utiuze maina a anzakowo ndi kwawo. Utiuzenso ngati ukudya bwino.

Ndine atate ako,
Zacarias João

Alamu, ndine Bertina. Ndalemba monga ananenera. Mapilya athu, mabatire a wailesi, ndi akale kwambiri, timawayanika padzuwa pa lata kuti abwerere mphamvu. Mwina wailesi ikukoka nyimbo, sindidziwa, poti makaseti ena onse anapsera m'nyumba ndiye palibe poyerekezera.

*

Maputo, 3 de Novembro de 1991

Mana Felizarda, mlongo wanga,

Moni. Za moyo sindikufunsani, yankho ndikulidziwa. Kalata ya atate ya mu Agosto yandipeza dzulo. Ndinaiwerengera pakhomo pa nyumba imene timakonzekerera nyimbo, anzanga akundidikira m'kati. Nditafika pa mawu akuti maliro a mayi ako ndinabwerera poyambira, ndikuganiza kuti alamu a Bertina alakwitsa polemba. Mana, kalata ya mu Junho sinafike. Ine ndamva dzulo. Miyezi isanu amayi ali m'manda, ine ndikuwasankhira nsalu pa msika. Ili pano m'sutikesi, ya maluwa achikasu.

Tsitsi tinameta chifukwa wojambula chithunzi anati mitu itatu yosalala idzaoneka bwino pa kaseti. Kusaseka nakonso anatiuza ndi iyeyo. Kalata ndinaikamo, yoyamba ndi mawu akuti Atate ndi Amayi. Kaya inagwera kuti.

Ndipo nyimbozo si za maliro. Ndi zothamanga, zotulutsa thukuta. Fabião amaimba ng'oma, Armindo lipenga, ine gitala wa nsambo zinayi. Kuno ena amati ndi jazi, ena amati ndi fanki, eni mabala amati ndi phokoso lothamangitsa makasitomala. Nditawerenga mawu a alamu a Bertina pansi pa kalatayo, ndinachotsa mapilya otha m'tochi n'kuwaika m'wailesi yanga kuti ndimve zimene atate akumva. Mana, ndi maliro enieni. Sitinaimbe zimenezo, koma zili momwemo. Armindo anatuluka panja osamaliza kumvera.

Ndichite chiyani? Kuyambira pamene ndinasiya sukulu, zaka khumi ndi ziwiri, atate sananenepo chabwino chilichonse cha ine. Tsopano anena, ndipo anena pa chinthu chimene sindinachite. Chonde musawauze. Ndipatseni nthawi ndipeze mawu.

Ndiuzeni mmene amayi anafera. Musandibisire kanthu.

Mlongo wanu,
Filipe

*

Furancungo, 20 de Janeiro de 1992

Filipe,

Moni, mchimwene wanga. Ine ndilipo. Mvula yatithawa, chimanga chikuuma chisanamasule, ndipo odwala akugona pansi.

Wati ndisakubisire. Anthu amfuti atalowa m'mudzi mu Junho, onse anathawira kuphiri n'kukhalako masiku asanu ndi anayi. Ukudziwa chisanu cha kwathu mwezi umenewo, udzu umayera m'mawa. Moto sankasonkha poopa utsi. Amayi anali ndi bulangete limodzi, analipereka kwa Bertina kuti afunditse khanda. Atatsika anapeza nyumba itapsa, iwo akutsokomola kale. Chinali chibayo. Anakhala masiku anayi, n'kumwalira. Ine pano ndili ndi mankhwala a chibayo m'kabati, jakisoni asanu akanakwana. Ndinamva patapita milungu itatu. Iwe uli ndi nsalu yako, ine ndili ndi jakisoni wanga. Tisapikisane.

Ndinakwanitsa kufika kumudzi pa Natale, nthawi ya Khirisimasi, ndipo ndinaona ndi maso anga zimene kaseti yako yasanduka. Lamulungu lililonse atate amayanika mapilya pa lata kuyambira m'mawa, amawatembenuza ngati nsomba. Anthu akatuluka m'tchalitchi amabwera pansi pa pichesi. Atate amavala jekete lawo la ku Joni n'kuima pambali pa wailesi ngati wansembe. Amayamba ndi kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga wachinayi, wa ku Maputo." Amabwera makamaka amene sanaike maliro a abale awo. A Jacinta, amene amuna awo anatengedwa kukasenza katundu osabweranso, amakhala patsogolo n'kulira mpaka mbali yoyamba ya kaseti kutha. Amati ndi pokhapo pamene amapeza polirira, poti manda alibe.

Sindinawauze atate. Ndinauza Bertina yekha, chifukwa amandiyang'ana ngati akudziwa kale. Koma Manuel akunena zodzagula mapilya atsopano ku Lizulu kuti atate amve nyimbo ya mwana wawo bwinobwino. Ndinamuuza kuti asavutike, anandiseka, akuti ndili ndi nsanje.

Lemba wekha, ndipo lemba msanga. Bodza ili silinayambe ndi iwe, koma ukapitiriza kukhala chete likhala lako.

Felizarda

*

Ntengo-Wambalame, 26 de Abril de 1992

Kwa a Filipe,

Moni. Ife tilipo, njala ilipo, nkhondo ilipo.

Ndikulemberani kuti mudziwe zimene zinachitika Lamulungu la Pasaka. Manuel anabwera kuchokera ku vila ndi mapilya asanu ndi limodzi atsopano, akadali m'pepala lake. Ine ndinalengeza m'tchalitchi kuti lero nyimbo ya maliro ya mwana wanga imveka ndi mphamvu zake zonse. Anabwera anthu ngakhale a kutsidya kwa mtsinje. Ndinaima, ndinanena mawu anga, ndinatchula dzina la malemu Albina mkazi wanga, anthu anaweramitsa mitu. Manuel anadina.

Chimene chinatuluka m'menemo inu mukuchidziwa. Ng'oma ngati matalala pa lata. Gitala wanu akudumphadumpha ngati mbuzi yodula chingwe. Lipenga lija, limene ndinkati ndi mayi wolira, likuseka. Ndinati, "Manuel, wailesi yapenga, zimitsa." Iye anaitsegula, anauzira, anabwezeramo kaseti, n'kunena kuti, "Atate, wailesi ili bwino. Nyimbo yake ndi yomweyi."

Atsikana kumbuyo anayamba kugwedeza mapewa. A Francisca, amene pakamwa pawo mukupadziwa, anafuula kuti, "Ii, a Zacarias, kodi malirowa nawonso auka lero pamodzi ndi Ambuye?" Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Wina anati, "Bwezeranimo akalewo, tilire!" Zonsezo ndikanapirira. Koma a Jacinta anaimirira, anamanga nsalu yawo, n'kuchoka. Mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kumbali. Miyezi isanu ndi itatu ndinkawaliritsa amuna awo ndi nyimbo ya pa dansi.

Ndinagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zisanu ndi zinayi. Kapitawo ananditukwana pamaso pa anzanga, koma manyazi ngati a tsikulo sindinawaonepo.

Bertina uyu wavomera kuti Felizarda anamuuza pa Natale, ndi kuti inu mwakhala mukudziwa kuyambira Novembro. Lemba, Bertina, usalire. Kuti kalata ya maliro sinakupezeni si mlandu wanu, misewu ndi ya nkhondo. Kuti ndinaona mutu wometa n'kudzipangira nkhani ndi kupusa kwanga. Koma munadziwa kuti atate anu akuima pamaso pa mudzi Lamulungu lililonse ndi chinthu chabodza m'manja, ndipo munandisiya ndiime. Pepala linalipo, cholembera chinalipo.

Mawu amene ndinalemba mu Agosto ndawabweza. Wondifunsa tsopano ndimamuuza kuti ana anga ndi atatu.

Zacarias João

Alamu, pepani. Ndinawapempha kuti tidikire mawa mtima utsike, anakana. Kaseti sanaitaye, aiponya m'thumba la mbewu ya nyemba.

*

Maputo, 12 de Julho de 1992

Atate,

Ndikupereka moni, ngati mungaulandire. Kalata yanu ndailandira ndipo palibe mawu amene ndingatsutse.

Ndinayamba kukulemberani kasanu ndi kawiri. Nthawi iliyonse ndinkatenga kalata yanu ya mu Agosto kuti ndiyankhe, n'kuwerenganso pamene munati munandilakwira, ndiye ndinkapinda pepala langa n'kuti mawa. Ndinkafuna kukhala mwana wa m'kalata imeneyo sabata ina imodzi. Chifukwa chake ndi chimenecho, china palibe. Muwauze a Jacinta kuti wolakwa ndine, osati inu.

Sindikupempha kuti mundibwezere pa mndandanda wa ana anu. Ndingokuuzani zoona za kasetiyo, kuti chimene chili m'thumba la nyembacho muchidziwe.

Tinaijambula tsiku limodzi, Loweruka, dia 9 de Março chaka chatha, kuyambira m'mawa mpaka magetsi atazima masana. Sitinalembe kanthu papepala. Kaimbidwe kathu n'kakuti mmodzi amayamba, enawo amamutsatira kapena kumutsutsa. Fabião, wa ku Inhambane, amamenya ng'oma ngati akufuna kupunthwa, koma sagwa. Armindo, wa ku Quelimane, amasochera dala ndi lipenga lake. Ntchito yanga ndi kugwira njira kuti akatopa kusochera apeze pobwerera. Nthawi zina onse awiri amandithawa, ine n'kutsala ndekha ndikubwereza kamzere kamodzi, kudikira. Akabwerera pamodzi pa kugunda kumodzi, popanda wokodola mnzake, ndi pamene ndimadziwa chifukwa chake ndinasiya sukulu. Makaseti tinapanga ochepa, ndipo ambiri akadali pansi pa bedi langa.

Tsiku limenelo ndinali wokondwa, atate. Ndinkaganiza za amayi akumva, n'kunena kuti, "Phokoso lonseli anthu atatu okha?" Ndinkaimbira munthu wamoyo.

Nditamva za imfa yawo ndinameta ndekha ndi lezala, pagalasi. Koma kumeta kopanda abale si kumeta. Ngati njira idzatseguke, ndiloleni ndidzaone pamene anagona. Ndikhoza kudzaima patali.

Filipe

*

Ntengo-Wambalame, 21 de Outubro de 1992

Mwana wanga Filipe,

Moni. Tilipo, taonda koma tilipo. Akuti akuluakulu asainirana za mtendere ku Roma. Milungu iwiri tsopano sitinamve mfuti, ndipo ena a ku Ntcheu ayamba kubwera kudzaona mabwinja awo.

Kalata yako inafika mu Setembro. Bertina atawerenga ndinati aiike m'moto. Iye m'malo momvera anabwereza pamene pali tsiku, n'kunena kuti, "Atate, dia 9 de Março ine ndinali m'chikuta. Mwana ndinabereka dia 7." Ndinamuuza kuti zimenezo sizikundikhudza. Koma ndinapita kumunda ndipo khasu silinagwire.

Lowerukalo ndikulikumbuka. Mayi ako anadzuka kusanache bwino. Anapita kumtsinje kukachapa matewera, anabwera, anathamangitsa Manuel amene ankasuzumira pakhomo la chikuta, anakakumba mbatatesi, anakangana ndi a Francisca pa nkhani ya nkhuku, ananditukwana ine chifukwa cha mpini umene ndinalonjeza kusema, n'kubwereranso kumtsinje, zonsezi dzuwa lisanafike pamutu. Ankaimba, ankakalipa, ankaseka, osamaliza chimodzi. Ndinamuuza kuti, "Albina, khala pansi, ukundizunguza mutu." Anati, "Ndidzakhala pansi ndikadzafa."

Ndinatulutsa kaseti m'nyemba. Mapilya a Manuel anali akadali ndi mphamvu, poti chichokere Pasaka palibe anawakhudza. Ndinapita nayo kuseri kwa khola, ndekha, masana, n'kumvera mbali zonse ziwiri.

Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinakhala ndi mayi ako, ndipo sindinathe kuyenda naye limodzi panjira. Nthawi zonse ankanditsogolera, akuyankhula osacheuka. Nyimbo yokoka ija, imene ndinkalira nayo, munalibe iye m'menemo. Munali ine. Iye ali mu yothamangayi. Sindikunena kuti ndikuimvetsa yonse. Pali pena pamene mnzako wa lipengayo amachita ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo ukamuuze kuti ndatero. Koma ndinamva pamene anzakowo amakuthawa, iwe n'kutsala wekha pansipansi ukubwereza, osatopa, mpaka abwerere. Ndinamvera pamenepo katatu. Ndi ntchito imeneyo, ndipo si yopepuka.

Kukhala chete kwako kunandipweteka, ndipo sindikubweza mawu amenewo. Aja akuti ana anga ndi atatu ndiwo ndabweza. Munthu sachotsa chala chifukwa chamukanda m'diso.

Ndinapita kwa a Jacinta ndi kalata yako. Bertina anawawerengera pamene unawatchula. Atamva anati, "Misozi inali yanga, sinali ya mapilya." Sanandipatse mpando, koma anandiperekeza mpaka pa mpanda.

Tsopano tamvera. Mayi ako tinawaika ngati akuba, popanda nyimbo, popanda kugona pa siwa. Tagwirizana ndi akwawo kuti tichite zonse zimene zinatsala. Zefa wavomera kubwera ndi ana, Felizarda wapempha masiku ku ntchito. Iwe sudzaima patali, udzaima pamene aima ana. Ngati anzakowo angathe, abwere. Akulu a mpingo akana ng'oma zanu kumanda, ndiye mudzaimbira pabwalo tikabwerako. Magetsi kuno kulibe, zimenezo muganize nokha.

Udzere ku Malawi, utsikire pa Lizulu, Manuel adzakudikira pa msika Lachinayi ndi Lachisanu. Usadzayese kubwera wekha podutsa njira yachidule ya kudambo imene unkaidziwa uli mwana, muli mabomba okwirira. Uzidzaponda pamene waponda mkulu wako.

Tsiku ndi Loweruka, dia 14 de Novembro. Chimera tanyika kale.

Ndine atate ako,
Zacarias João